Waya wa ethi amene ndinamugawa pakati

Inu owerenga, ine ndine wa zamagetsi, ndipo ntchito imeneyi ndaigwira zaka zoposa khumi kuno ku Kasungu. Dzina langa sinditchula, ndipo maina a anthu amene ali m'nkhaniyi ndawasintha. Ndikulemba kuti ndivomere cholakwa changa. Ndinaika waya wa ethi wochepa pa esiteti ina ya fodya, ndinauzidwa kuti ndalakwitsa, koma ndinatseka pakamwa miyezi itatu yathunthu chifukwa cha manyazi. Zimene zinatsatira ndi zimene ndikufuna mumve, makamaka inu anzanga amene mumagwira mawaya.

Ntchitoyo ndinaipeza kudzera kuchibale. Manijala wa esitetiyo, yomwe ili chakufupi ndi Chamama, ndi a Mwale, malume ake a mkazi wanga, komanso ndiwo nkhoswe ya ukwati wathu. Amene muli pabanja mukudziwa kulemera kwa munthu wotere. Akakhosomola umaimirira. Iwowa anandiitana mwezi wa July n'kundiuza kuti eni esiteti akufuna magetsi afike kumunsi kudambo, kumene anamanga nyumba ya mapampu othiririra nazale, chigayo, ndi shedi yosankhiramo fodya. Bokosi lalikulu la magetsi linali kumtunda pafupi ndi ofesi, pambali pa thiransifoma. Pakati pa malo awiriwa panali munda, ndiye mawaya anayenera kudutsa pansi pa nthaka.

Ndikufotokozereni pang'ono za ntchitoyi kuti mumvetse pamene ndinapunthwa. Makina akumunsiwo ankafuna moto wambiri, woti waya mmodzi wonyamula moto wonsewo akanakhala wonenepa kwambiri, wovuta kupeza ndiponso wovuta kupinda. Zikatero timayendetsa mizere iwiri ya mawaya mbali ndi mbali, uliwonse m'paipi yakeyake ya pulasitiki, n'kuilumikiza pamodzi kumtunda ndi kumunsi. Moto umagawikana, theka kudzera paipi iyi, theka paipi inayo. Zimenezi n'zololedwa ndipo ndinazichita bwino.

M'paipi iliyonse mumayendanso waya wina wobiriwira mosakaniza ndi chikasu, amene timamutcha ethi. Masiku onse waya ameneyu sagwira ntchito, amangokhala. Amalumikizidwa ku zitsulo zonse zimene munthu angakhudze: bokosi, pampu, mapaipi achitsulo, miyendo ya thanki. Tsiku limene waya wa moto wasupuka n'kukhudza chitsulo, ethi ndiye amanyamula moto wosocherawo n'kuthamanga nawo kubwerera kumtunda, kuti buleka, swichi yodzizimitsa yokha pakavuta, igwe msanga n'kuzimitsa zonse munthu asanavulale. Kukula kwake timakuona poyang'ana buleka imene ikuteteza mzerewo. Buleka ya pa esitetipo inali ya ma ampu 400, ndipo buku lathu la ntchito linkati pamafunika ethi wa saizi 35.

Apa ndi pamene nzeru zanga zinandipusitsa. Ndinati, mapaipi ndi awiri, moto ukugawikana pakati, ndiye ethi nayenso agawikane pakati. Ndinagula waya wa saizi 16, mmodzi m'paipi iyi, wina m'paipi inayo. Kuphatikiza awiriwo ndi 32, ndipo ndinati 32 ndi 35 ndi pachibale, palibe angadandaule. Sindinafunse munthu. Sindinatsegule n'komwe tsamba lotsatira la bukulo. Ndinadziona wochenjera, ndipo ndikukumbuka kuti ndinkaimba mluzu pokoka mawayawo.

Ngalande yokwiriramo mapaipi anakumba ndi matenanti a chaka chimenecho, anthu olembedwa kulima fodya pa esitetipo, amene anali atatsiriza za fodya wawo ndipo ankangodikira kubwerera kwawo. Titakwirira, ndinakhoma zikhomo zopaka utoto wofiira motsatira mzere wonse kuti anthu adziwe pamene padutsa mawaya. Tinayatsa, mapampu analira, madzi anakwera m'thanki, chigayo chinazungulira. A Mwale anandigwira dzanja ndi manja awo awiri. Ndinabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba.

Mwezi wa October kunagwa maliro dera la kwa Mwase, ndipo kumeneko ndinakumana ndi a Nkhoma, bambo amene anandiphunzitsa ntchito ndili mnyamata. Anapuma kalekale, maso anayamba kuwavuta, koma mutu ukadali wakuthwa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana, tikudikira uthenga wa adzukulu kuchokera kumanda, ndipo ine, m'malo mokhala chete ngati munthu wa pamaliro, ndinayamba kudzitama chapansipansi za ntchito yanga ya ku Chamama. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nanga ethi unaika wa saizi yanji?" anandifunsa.

Ndinawauza, ndi masamu anga omwe. Anatola kamtengo n'kujambula mizere iwiri pa dothi.

"Iwe, maliro ano agwa pa nyumba imodzi. Sanagwe theka pano, theka kwa oyandikana nawo. Ngozi ya waya ndi chimodzimodzi. Imachitika m'paipi imodzi, ndipo moto wonse, wochokera kumtunda ndi wozungulira kudzera paipi inayo, umathamangira ethi amene ali m'paipi yovulalayo. Iyeyo yekha. Paipi iliyonse imafuna ethi wathunthu, wa saizi ya buleka. Ethi sagawa."

Ndinafunsa kuti nanga chingachitike n'chiyani. Anati waya wanga wowondayo adzapsa n'kuduka buleka isanaganize zogwa, ndipo nthawi yonseyo zitsulo zakumunsi zidzakhala ndi moto. "Pita ukakonze mvula isanagwe," anatero. "Usachedwe, mwana wanga."

Nyimbo za kumanda tsiku limenelo sindinazimve. Nditafika kunyumba ndinatsegula buku lija, ndipo zimene ananena a Nkhoma zinali pomwepo, tsamba lotsatira lenilenilo, zolembedwa momveka bwino. Ndinakhala pakhonde bukulo lili pamiyendo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya chisa chonse cha njuchi.

Inu owerenga, mwina mukuti, nanga bwanji sunapite m'mawa mwake? Ndinapita. Ndinakwera njinga yanga yamoto mawu nditawakonza kale m'mutu. Koma nditafika ndinapeza a Mwale ali ndi alendo, mamanijala awiri a maesiteti oyandikana nawo, ndipo atangondiona anakweza mawu. "Si uyu mkamwini wathu ndimakuuzani uja! Katswiri ameneyu, ntchito yake simubwereza." Alendowo anatenga nambala yanga ya foni. Tsono ine ndikanayambira pati? Ndikananena pamaso pa alendo kuti katswiri wanuyu walephera kuwerenga tsamba limodzi? Ndinamwetulira ngati chitsiru, ndinamwa fanta amene anandipatsa, n'kunena kuti ndangodzaona ngati zonse zikuyenda bwino.

Pobwerera ndinadzera kumunsi. Pambali pa nyumba ya mapampu, a esiteti anali ataika mpopi woti matenanti azitungapo madzi. Mpopi wachitsulo, pa paipi yachitsulo yochokera ku thanki, thankiyo ili pa miyendo yachitsulo imene ine ndemwe ndinailumikiza ku ethi wanga. Amayi anali pamzere ndi zidebe, ambiri opanda nsapato, ataponda m'matope a madzi otayikira. Wina anali ndi mwana kumbuyo. Ndinaima poteropo ndikuwerenga manja amene ankagwira mpopiwo, mmodzi pambuyo pa mnzake, mpaka ndinalephera kupirira n'kuliza njinga.

Kukonza mwakachetechete kunali kosatheka. Kunafunika kuzimitsa mapampu masiku angapo, nthawi imene nazale zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndiponso kufukula malo ena kuti waya wonenepa alowe. Aliyense akanafunsa chifukwa chake, ndipo a Mwale akanayenera kukafotokoza kwa eni esiteti kuti mkamwini amene anamubweretsa yekha uja walakwitsa. Ndiye ndinayamba kudzinyengerera. Ndinkati mapaipi ali pansi, angawakhudze ndani? Ndinkati pali mizere yambiri m'dziko muno yoikidwa moipa kuposa wanga ndipo palibe chimene chachitika. Ndinkati ndidikire aokere fodya, mapampu apume, ndiye ndidzanene. Ataokera ndinati ndidikire Khirisimasi ipite.

Koma mtima sunamve zimenezo. Foni ikalira n'kuona dzina la a Mwale, ndinkaisiya ilire kanthawi ndisanayankhe. Tsiku lina anaimba katatu motsatizana ndili pamwamba pa makwerero m'sitolo ina pa boma. Ndinatsika ndikudziwa kuti basi zachitika. Ankangofuna kudziwa ngati tibwera ku chinkhoswe cha mdzukulu wawo. Chakudya chinasiya kukoma, lamba ndinaboola bowo lina. Mkazi wanga anafunsa kangapo chimene chikundidya, ine n'kumati ndi kuthamanga kwa magazi. Anandigulira adyo wambiri. Ndinkatafuna adyoyo ndikudziwa bwino lomwe kuti matenda anga ali pansi pa munda wa malume ake.

Mu December ndinapitanso, mvula itayamba. Ndinayenda motsatira mzere uja ndipo sindinapeze chikhomo ngakhale chimodzi. Amene mumadziwa maesiteti a kuno mukudziwa kuti nkhuni ndi golide, mitengo inatha kalekale, ndiye chikhomo chouma choima pachabe sichigona kunja masabata awiri. Chinanso chimene sindinachiganize n'chakuti matenanti amasintha chaka ndi chaka. Amene anakumba ngalande ija anali atapita kwawo. Amene analipo tsopano anali atsopano, obwera pa lole kuchokera ku Phalombe ndi ku Mulanje, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti pansi pa mapazi awo pakudutsa moto. Madzi a mvula nawo anali atakokolola dothi malo ena, ngalande n'kutsala yosaya.

Ndinapeza kapitawo n'kumuuza kuti anthu asamakumbe chakuno. Ndinaloza ndi dzanja mwachisawawa, iye anati wamva, n'kupitiriza kulemba zake. Ndinafika pakhomo la ofesi, ndinamva mawu a a Mwale mkati akuseka pa foni, ndipo ndinabwerera osagogoda. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwambi umenewu ndinkaudziwa kuyambira ku pulayimale.

Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa January, cha m'ma naini koloko, pamene foni ija inalira. A Mwale sanapereke n'moni womwe. Anangoti ndibwere msanga, magetsi avulaza munthu.

Nthawi imeneyo fodya amakhala atakula, ndipo tenanti aliyense amakhala pa kalikiliki kumanga chigafa choyanikamo masamba. Amakumba maenje m'mizere n'kuzikamo mphanda. Tenanti wina, a Namaona, bambo wa ku Phalombe amene chinali chaka chake choyamba pa esitetipo, anapatsidwa malo a chigafa m'mphepete mwa munda, pamwamba penipeni pa ngalande yanga. Ankakumba ndi chitsulo chosongoka chija chokumbira maenje. Pa dzenje lachisanu chitsulocho chinaboola paipi imodzi n'kulowa m'mawaya. Anthu akuti kunamveka kuphulika ndipo m'dzenjemo munatuluka moto. A Namaona anagwera uko, nsidze zitapsa, koma anali atavala majombo ndipo chitsulo chinawapulumuka m'manja, ndiye anadzuka amoyo.

Buleka sinagwe. Ikanagwa nthawi yomweyo, nkhani ikanathera pa nsidzezo. Koma kumtunda kunali zii, moto ukupitirirabe, ndipo kumunsi, pa mpopi paja, akazi awo a a Namaona omwewo anali atangogwira mpopi kuti atseke madzi. Dzanja linakanirira pa chitsulo. Amayi amene analipo akuti sanakuwe n'komwe, ankangonjenjemera maso ali psuu, mpaka mayi wina wolimba mtima anatola mtengo wouma wa chigafa n'kuwakankha nawo. Buleka inadzagwa yokha pambuyo pake, zonse zitachitika kale.

Pamene ndinkafika, mayiwo anali atawatengera kale kuchipatala. Ndinatsimikiza kuti moto wazima, n'kufukula pamalopo anthu atazungulira. Aliyense ankayang'ana bowo la chitsulo pa paipi. Ine ndinkayang'ana china. Ethi wanga wa 16 anali atasungunuka ngati kandulo, ataduka, mkuwa wake utaundana timibulu. Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene ndikuona. Inu owerenga, apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa masamu aja. Ndinadula kachidutswa kopsako mwachangu n'kukaponya m'thumba la ovolosi, munthu asanakaone.

A Mwale anali atalusa. Anandifunsa pamaso pa onse kuti, "Mkamwini, chachitika n'chiyani apa?" Ine ndinayankha kuti, "Aboola paipi, malume." Sindinaname, koma sindinanenenso zoona. Mawu atatu amenewo anakwana. A Mwale anatembenukira kwa a Namaona n'kuwakalipira kuti ndi munthu wosasamala, wokumba ngati nguluwe, ndipo kapitawo, pofuna kudzipulumutsa, anati anachenjeza anthu onse.

Gulu litabalalika, ndikulongedza zida, a Namaona anabwera. Ananjuta patsogolo panga chipewa chili m'manja, nkhope yakuda ndi utsi, bambo wamkulu kuposa ine.

"Bwana, pepani ndithu," anatero. "Ndakuonongerani ntchito yanu yabwino. Sindimadziwa kuti pali waya. Ndiye onani, mayi a kunyumba ndawapweteka ndi manja angawa."

Kachidutswa kaja kanali m'thumba, kakundikanda pantchafu. Ndinawauza kuti asadandaule, ngozi ndi ngozi. Ine, mwini mlandu, ndinakhululukira munthu wosalakwa, ndipo iye anathokoza.

Sabata imeneyo ndinakonza mzerewo. Ndinachotsa ethi wowonda m'mapaipi onse awiri n'kuikamo wa 35, uku ndi uku, monga zinayenera kukhalira poyamba. Kwa a Mwale ndinati ndikungowonjezera chitetezo poona zimene zachitika. Anandiyamikira, n'kuuza mkazi wanga pa foni kuti anakwatiwa ndi munthu woganiza patali. Ndinaikanso timiyala ta simenti motsatira ngalande, toti munthu sangasonkhere moto. Ntchito yonseyi inatenga masiku anayi okha. Masiku anayi, inu owerenga, amene ndinawaopa miyezi itatu.

Mayi aja anatuluka m'chipatala patapita masabata angapo. Moyo unapulumuka, koma zala zitatu za dzanja lamanja zinapindika osawongokanso, ndipo chikhatho chinatsala ndi chipsera chokoka. Amene simunalimepo fodya mwina simungamvetse tanthauzo lake. Tenanti salembedwa yekha, amalembedwa ndi manja a mkazi wake. Mwamuna akamathyola masamba, mkazi amakhala pa chigafa kusoka, ndipo kusoka fodya kumafuna zala zonse khumi. Masamba akathyoledwa sadikira. A Namaona ankathyola okha, kusoka okha, kuyanika okha, kwinaku akuphikira odwala, ndipo milu ina ya masamba inawolera pansi asanaifikire. Fodya amene anali wokongola m'munda anatuluka m'chigafa wakuda ndi wamawanga.

Kenaka kunabuka mphekesera. Mukudziwa mmene timakhalira anthufe, ngozi yopanda kufotokoza timaipezera kufotokoza kwathu. Anthu a m'makomboni anayamba kufunsana kuti zingatheke bwanji mwamuna akumbe uko, moto ulumphe anthu onse n'kukagwira mkazi wake yemwe kutali kumunsi. Anati si ngozi imeneyo. Anati bamboyo anakhwimira fodya, ndipo dzanja la mkazi wake ndicho chizimba chimene anauzidwa. Amayi a m'makomboni anasiya kuyankha moni wa a Namaona. Ine ndekha pa esiteti yonseyo ndinkadziwa njira imene moto unadzera kuchoka pa dzenje kukafika pa mpopi, chifukwa ndine ndinaiyala. Ndinamva mphekeserayo kwa mlonda wa pageti, ndinapukusa mutu ngati wodabwa, n'kupita.

Mayiwo ndinakumana nawo kamodzi, mwezi wa April, nditapita kukaona pampu imene inkavuta. Ankachokera ku mpopi womwewo, chidebe chaching'ono ku dzanja lamanzere, lamanja atalibisa m'chitenje. Anapatuka m'njira, anapinda maondo, n'kundipatsa moni waulemu: "Mwaswera bwanji, bwana?" Ndinayankha maso ali pansi. Ndinalowa m'nyumba ya mapampu n'kutseka chitseko.

Kachidutswa ka waya kaja ndinakasunga m'bokosi la zida. Sindikudziwa chifukwa chake sindinakataye. Mwezi wa August ndinakatenga n'kupita nako kwa a Nkhoma, ndinakaika m'manja mwawo. Anakapapasa ndi zala, ndipo ndinawafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwinanso ndinkafuna kuti atero. Iwo anangofunsa funso limodzi: "Bambo ujayo akudziwa?"

M'mawa mwake ndinauza mkazi wanga, amene analira n'kundifunsa kuti ndinkamuona ngati ndani pomubisira zonsezi. Kenaka ndinapita ku Chamama, ndinagogoda pa ofesi, n'kuika kachidutswako pa tebulo la a Mwale. Ndinanena zonse, kuyambira masamu a 16, maliro a kwa Mwase, maulendo awiri amene ndinabwerera pakhomo, mpaka thumba la ovolosi. A Mwale anayang'ana pa windo.

"Mkamwini," anatero pomaliza, "mukanandiuza mu October, ndikanakukalipirani tsiku limodzi basi. Mawa lake tikanadyera limodzi."

Ndinapempha kuti andiitanire a Namaona ndi akazi awo, ndiwauze pamaso pa anthu onse a m'makomboni. A Mwale anapukusa mutu. Mayiwo anatengedwa ndi mchimwene wawo mwezi wa May, mphekesera ija itafika kumudzi, ndipo achibale anati mwana wawo sangakhalenso ndi munthu wokhwima. A Namaona anatsala okha mpaka fodya anagulitsidwa, kenaka anakwera lole pamodzi ndi anzawo masabata awiri ine ndisanabwere. Sananene kumene akupita. Anthu ena ankati sanabwerere kwawo, anatsikira panjira kukafuna esiteti ina.

M'kaundula wa esiteti munali dzina lawo ndi mawu akuti Phalombe, basi. Nambala ya foni imene analembetsa inali yosagwiranso. Ndinakwera basi mpaka ku Phalombe, ndinayenda masiku awiri ndikufunsa m'misika ndi m'matchalitchi, koma boma ndi lalikulu, ndipo anthu opita ku fodya ku Kasungu ndi ambirimbiri. Anthu ankandifunsa mudzi, ine osaudziwa. Ankandifunsa kuti ndikuwafuniranji, ndipo ndikayamba kufotokoza za mapaipi awiri ankandiyang'ana ngati wozungulira mutu. Ndinabwerako chimanjamanja.

A Mwale sanandichotse pa ubale, koma sanandiitanenso mkamwini pamaso pa alendo, ndipo ntchito za pa esitetipo anapatsa munthu wina. Sindidandaula nazo. Anasonkhanitsa matenanti amene anatsala n'kuwauza zoona, ine nditaima pambali pawo. Ena anamva, ena anati a manijala akungofuna kuphimba nkhani ya ufiti. Mphekesera ikamera mizu, kuizula n'kovuta.

Tsono anzanga a zamagetsi, ndimvereni ine amene ndinapsa. Mukayendetsa mizere iwiri kapena itatu mbali ndi mbali, uliwonse m'paipi yake, paipi iliyonse ipatseni ethi wathunthu, woyezedwa ndi buleka imene ikuteteza mzere wonsewo. Musagawe, musaphatikize masaizi m'mutu, musati zayandikira. Mawaya a moto amathandizana katundu, koma tsiku la ngozi ethi amakhala yekha. Ngati mukukayika, tsegulani buku, werengani mpaka tsamba lotsatira, kapena funsani amene anayamba kale. Ndipo mukakwirira waya pa esiteti, ikani chizindikiro chosapsa ndi chosazuka, chifukwa anthu amene akuonani mukukumba chaka chino si amene adzakumbe pamenepo chaka chamawa.

Kwa inu nonse, kaya ntchito yanu ndi yotani, ndikuti cholakwa chinenedwe tsiku limene mwachidziwa. Kulakwitsa masamu kunali umbuli, ndipo umbuli umakonzeka. Chimene chinapundula mayi uja ndi miyezi itatu imene ndinasankha nkhope yanga pamaso pa ankhoswe m'malo mwa manja a anthu otunga madzi. Chimene chinapasula banja lake ndi miyezi ina isanu ndi iwiri imene ndinakhalanso chete. Manyazi amene ndinkawathawa anandipezabe, koma anadzera pa anthu ena kaye.

Ndili ndi pempho limodzi. Kwinakwake, mwina pa esiteti ina ku Mchinji kapena ku Mzimba, mwina kumudzi ku Phalombe, kuli bambo amene analimapo fodya chakufupi ndi Chamama, amene chitsulo chake chinaboola paipi ya magetsi akukumba maenje a chigafa. Mpaka lero iye akukhulupirira kuti anapundula mkazi wake, ndipo akuchikazi akukhulupirira zoipa kuposa pamenepo. Ngati mukumudziwa, kapena mukudziwa mayi wa zala zitatu zopindika ku dzanja lamanja, chonde awerengereni nkhaniyi, iwo ndi abale awo. Auzeni kuti panalibe chizimba. Paipi anaboola ndi iye, inde, koma waya akanakhala woyenera, magetsi akanazima nthawi yomweyo ndipo mkazi wake akanatseka mpopi n'kusenza madzi ake. Bambo, munandigwadira kupepesa, ndipo ine ndinalandira. Kupepesa kuja sikunali kwanu, kunali kwanga.